Chithunzi chotumiza ku odishoni: ndivale chiyani, ndioneke ngati ndani?

Mtsikana wa ku Area 25: Muli bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi funso kwa inu akuluakulu amene mwakhalitsa m'zisudzo ndi m'mafilimu. Ndasunga kandalama koti ndikajambulitse zithunzi za nkhope zotumiza ku maodishoni, kumene amayesa ndi kusankha anthu oti asewere m'mafilimu. Wojambula wati ndibwere ndi zovala zitatu zosinthira. Ndili ndi diresi lomwe ndinavala pa chinkhoswe cha msuweni wanga, wigi yaitali yofika m'chiuno, ndi suti ya ku ofesi ya achemwali anga. Anzanga akuti ndivale zimenezi ndioneke wapamwamba. Koma mtima ukukayika, chifukwa m'masewero onse amene ndachitapo kutchalitchi ndi kukoleji amandipatsa mbali ya mwana wasukulu kapena mng'ono wake wa munthu. Ndithandizeni maganizo.

Wosankha osewera, Area 47: Achemwali, mwafunsa nthawi yabwino, ndalama isanatuluke m'thumba. Ine ndimathandiza kusankha anthu a makanema a malonda ndi a mabungwe, ndiye ndikuuzeni mmene zimakhalira kumbali yathu. Tikalengeza odishoni, zithunzi zimangokhuthuka pa WhatsApp usana ndi usiku. Timaziona pa foni, zili zing'onozing'ono, chala chikungoyenda. Ndipo sitikhala tikusaka munthu wokongola kuposa onse ayi. Pepala la dayilekita limakhala litanena kale kuti tikufuna namwino wa nkhope yodekha, mnyamata wa kabaza, mayi wogulitsa tomato yemwe sachedwa kupsa mtima, mphunzitsi wa ku pulayimale. Diso langa limafuna anthu amenewo. Chikandipeza chithunzi cha mtsikana wa wigi ya m'chiuno, nsidze zomata, milomo yonyezimira, atapendekera cham'mbali ngati ali pa chikuto cha nyimbo, sindidziwa kuti ndimuike pati. Ndimangodutsa, mwina ali ndi luso loposa onse.

Lamulo langa ndi limodzi. Munthu amene ali pachithunzi akhale yemweyo amene alowe pakhomo tsiku la odishoni. Zandichitikirapo kuitana munthu chifukwa cha chithunzi, dayilekita atachikonda kale, ndiye kukubwera munthu wina: khungu lina, tsitsi lina, zaka zina. Manyazi amagwira ine amene ndinamuitana, ndipo ulendo wina dzina lakelo ndimalidumpha.

Amayi a pa siteji: Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mwana wanga wa ku 25, zimene wanenazo kuti amakupatsa mbali ya mwana wasukulu, usazione ngati chipongwe. Ndi chuma chako chimenecho. Anthu osiyanasiyana, osauzana, akuona chinthu chimodzi pankhope pako. Opanga mafilimu amavutika kupeza munthu wamkulu zaka amene amaoneka wamng'ono, chifukwa mwana weniweni wa ku sekondale amafunika chilolezo cha makolo, ali ndi sukulu, sangajambule mpaka usiku. Iwe ungathe zonsezo. Ndiye ukufuna kubisa chimene chingakudyetse ndi wigi yobwereka?

Mtsikana wa ku Area 25: Ndamva amayi. Koma sindikufuna kukalamba ndikusewera mwana wa Fomu 3. Ndimafuna tsiku lina ndidzasewere loya kapena bwana wa kampani.

Amayi a pa siteji: Udzasewera. Koma khomo lolowera ndi limene lili lotsegula lero. Akakudziwa kuti umafika nthawi yake, umaloweza mawu, sukangana ndi anthu pamalo ojambulira filimu, iwo eni adzayamba kukuyesa mbali zina. Ine ndinayamba ndi mbali za mtsikana wantchito wapakhomo, lero amandiitana kukhala apongozi ovuta kapena nyakwawa yaikazi. Nkhope imasintha, mbali zimasinthanso, chithunzi umajambulitsa china.

Bambo a ku Chinsapo: Ine ndingosokonezako pang'ono. Masiku a malemu Du Chisiza Jr ndi gulu lake la zisudzo la Wakhumbata, kapena a gulu la Kwathu akudzaza French Cultural Centre ku Blantyre, ndani ankayenda ndi zithunzi? Munthu ankaimirira kutsogolo, kulankhula, basi aliyense n'kudziwa kuti uyu ndi wosewera. Ana inu mukutaya nthawi ndi maonekedwe, mawu anu osamveka ngakhale pa mzere wachitatu. Luso lilibe chithunzi.

Wosankha osewera, Area 47: Bambo, pa nkhani ya mawu sindikutsutsani, achinyamata ambiri amameza mawu. Koma nthawi imeneyo wosankha ndi wosankhidwa ankadziwana, ankakumana pa malo amodzimodzi. Lero amene akufuna wosewera akhoza kukhala ku Lusaka, ku Nairobi kapena ku London, sanakuonenipo pa siteji. Kumbukirani The Boy Who Harnessed the Wind, ya Chiwetel Ejiofor, yomwe inatuluka mu 2019 pa Netflix. Inajambulidwa konkuno ku Malawi, nkhani yake ya William Kamkwamba wa ku Kasungu. Mbali ya William anasewera Maxwell Simba wa ku Kenya, ndipo Lily Banda wathu anasewera mlongo wake. Ntchito za mtundu umenewo zikabwera, anthu ake sayendayenda m'maholo kufufuza amene ali ndi mawu amphamvu. Amayamba apempha chithunzi ndi kakanema kodzijambula. Chithunzi sichilowa m'malo mwa luso, koma ndi chimene chimakulowetsani m'chipinda momwe lusolo likaonekere.

Bambo a ku Chinsapo: Chabwino, ndamva. Koma akalowa m'chipindamo alankhule momveka.

Wojambula wa ku Biwi: Ndilowepo ine wa kamera. Choyamba, si wojambula aliyense amene amadziwa ntchito imeneyi. Ambirife tinaphunzirira pa maukwati ndi ma bridal shower, kumene kasitomala amafuna aoneke wosalala ndi wowala. Mukapanda kunena, tidzakusalazani nkhope pa kompyuta mpaka timabowo ta khungu tonse titasowa, n'kukuwalitsani pang'ono poganiza kuti tikukukomerani mtima. Muuzeni wojambula wanu musanayambe kuti: khungu langa likhale mtundu wake womwewu, chipsera chisachotsedwe, mpata wa mano usatsekedwe. Chimene tingachotse ndi chimene chidzakhale chitachoka chokha sabata yamawa, monga chiphuphu chotuluka dzulo. Chimene mudzalowe nacho mu odishoni chikhale pomwepo.

Chachiwiri ndi kuwala. Dzuwa la Lilongwe la masana ndi mdani wa nkhope. Limagwa kuchokera pamwamba, maso amalowa mumdima, mphumi ndi mphuno zimanyezimira. Jambulani m'mawa dzuwa lisanakwere kapena chakumadzulo, apo ayi imani pakhonde, mkati mwa mthunzi, nkhope italoza kunja kumene kukuchokera kuwala. Pansi pa mtengo wa mango samalani, masamba amadontheza timadontho ta dzuwa pankhope ndipo khungu limatengako kubiriwira. Masiku a mitambo a June ndi July ndi abwino kwambiri, kuwala kwake kumakhala kofewa. Mu October tengani kansalu kopukutira thukuta, mphindi zochepa zokha nkhope yanyowa kale.

Chachitatu, malaya oyera mbee pa khungu lakuda amapusitsa kamera. Imaona kuyerako n'kuchepetsa kuwala, nkhope n'kuda bii, maso osaoneka. Wojambula wodziwa amayeza kuwala pankhope, koma bwanji kudzipatsa ntchito? Mitundu yokhazikika monga buluu wodera, mtundu wa njerwa, wobiriwira wa masamba okhwima kapena wachikasu chodera imakhala bwino pa khungu lathu. Timizeremizere tating'ono timavina pa kamera, tisiyeni kunyumba.

Mnyamata wa ku Kawale: Nanga ife opanda ndalama ya studio, foni singathandize achimwene?

Wojambula wa ku Biwi: Ingathandize, bola osadzijambula wekha dzanja lili m'mwamba. Kamera ikayandikira kwambiri nkhope, mphuno imakula, makutu amathawira kumbuyo, mutu umasintha maonekedwe. N'chifukwa chake ife timakonda lenzi ya 85mm n'kuima patali. Pa foni, mpatse mnzako, agwiritse ntchito kamera ya kumbuyo, abwerere mapazi angapo, aike pa 2x ngati foniyo ili nayo, ndipo foni ikhale molingana ndi maso ako, osati pansi pa chibwano. Pukutani galasi la kamera, mafuta a zala ndi amene amachititsa zithunzi zambiri kuoneka ngati muli utsi. Zimitsani zosalaza nkhope zonse, mafoni ambiri amabwera zili zoyatsa kale. Akhudze pa diso kuti kamera igwire pamenepo, chifukwa maso akapanda kuoneka bwino chithunzi chafa. Kumbuyo kukhale khoma lopanda zolemba, ndipo usalitsamire, ima patsogolo pake pang'ono. Chithunzi chiyambire pachifuwa kufika pamwamba pa mutu, choimirira. Kunja amasindikiza pa mainchesi 8 kwa 10, womwe ndi muyeso umodzimodzi ndi 4:5 wa pa Instagram, ndiye mukadula motero mwathana nazo zonse ziwiri.

Wa mekapu, Area 18: Ndionjezepo pa khungu, chifukwa apa ndi pamene atsikana ambiri amagwera. Amagula faundeshoni yowala kuposa khungu lawo. Pagalasi kunyumba imaoneka bwino, koma pa kamera nkhope imatuwa ngati wadzola phulusa, khosi lili lakuda. Yesani pa chibwano, osati pa dzanja, ndipo mukaione panja. Ngati simukupeza yofanana nanu, ndi bwino kungosamba, kudzola mafuta pang'ono, n'kupaka paudala wochepa pamphumi ndi pamphuno. Vaselini wambiri ayi, amanyezimira. Nsidze zomata zazitali zimaphimba maso, pomwe maso ndi amene akugulitsa. Abambo nanunso milomo yong'aluka ya nthawi yozizira imaoneka, ndipo ngati mumeta, metani dzulo lake kuti tizilonda ta lezala tizizire.

Za tsitsi, achemwali a ku 25, funso ndi lakuti: akakuitanani mawa m'mawa, wigiyo mudzakhala nayo? Ngati tsiku ndi tsiku mumayenda ndi tsitsi lanu lalifupi kapena loluka, chithunzi chachikulu chikhale chimenecho. Dayilekita akaona mutu wanu weniweni amatha kuuveka wigi, duku kapena chipewa m'maganizo mwake. Akaona wigi sangathe kuivula.

Mnyamata wa ku Kawale: Apa ndiye pandikhudza. Ine ndili ndi madiredi. Chiyambireni mbali zomwe ndimapatsidwa ndi wakuba, wosuta chamba, kapena woitanira minibasi. Ndatopa nazo akuluakulu. Mayi anga anaonera kanema wina n'kundifunsa kuti kodi anthuwa sakuonera china chilichonse? Mukuti tivomere mmene anthu amationera, koma nanga ngati amationera molakwika? Ndimete?

Wosankha osewera, Area 47: Funso lako ndi lolemera, ndipo mlandu wina ndi wathu ife osankha. Timachita ulesi. Wamadiredi ndi chigawenga, mtsikana woyera ndi wolanda amuna a eni, wakuda wonenepa ndi wantchito, wamimba yaikulu ndi bwana wakatangale. Timabwereza zomwezo mpaka owonera anazolowera. Koma usamete chifukwa cha ife. Chimene ungachite ndi kutipatsa chithunzi chimene chitisokoneze ulesiwo. Ndaona zithunzi zako pa Facebook: chipewa chotsikira m'maso, nkhope yokwinya, unyolo pakhosi, kamera ili pansi. Iwe mwini ukutiuza kuti ndiwe chigawenga. Tayesa kumanga madiredi kumbuyo, uvale shati ya kolala, uyang'ane kamera ngati ukumvetsera mwana amene akukufotokozera vuto lake. Pamenepo ndiona mphunzitsi wa luso la zojambula, wogwira ntchito ku bungwe, bambo wachinyamata. Cha nkhope yolusacho usataye, chimakubweretsera ntchito. Ukhale nazo ziwiri, uzitumiza molingana ndi mbali imene yalengezedwa.

Amayi a pa siteji: Ndipo mwana wanga wa ku Kawale, mbali ya wakuba si yonyozeka. Woipa wosewera bwino ndi amene anthu amamukumbukira. Chimene uyenera kukana ndi wakuba wopanda nkhani, wongothamanga n'kugwidwa. Koma ndikumvetsa za mayi ako. Kuno anthu salekanitsa sewero ndi moyo. Taonani a Michael Usi, anafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, koma anthu ambiri amawatchulabe Manganya wa mu Tikuferanji. Malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, ndi angati ankawaitana maina awo enieni? Anali Izeki ndi Jakobo kulikonse. Chimene anthu akudziwa nacho chimakumatirira. Ndiye uzisankha ndi maso awiri chimene ukufuna chikumatirire, usangochisiyira mwayi.

Mchemwali wa ku Joni: Moni kwanuko. Ndigawane nanu mmene zilili kuno ku Johannesburg, mwina zithandiza. Ma agent, anthu opezera osewera ntchito, amafuna zithunzi za mitundu iwiri. China cha malonda: kumwetulira mano akuoneka, zovala zowala, nkhope yoti munthu angakukhulupirire ukamuuza za sopo kapena za banki. China cha mafilimu ndi masewero a pa TV: chodekha, maso akunena kanthu, osamwetulira kwambiri. Amafunanso chimodzi cha thupi lonse utaima mowongoka, kuti aone msinkhu ndi thupi. Ndipo ukasintha tsitsi, ukanenepa kapena kuonda, ukameta ndevu, amati jambulitsanso.

Chinthu china, musavale yunifolomu yeniyeni. Ngati mukufuna mbali ya namwino simuyenera kubwereka diresi loyera ndi chipangizo chopimira pakhosi. Kabulauzi kosalala, tsitsi lomangidwa bwino, nkhope yachifundo, zakwana. Chovala chingolozera, chisakuwe. Mukavala zonse, chithunzicho chimagwira ntchito pa mbali imodzi yokha.

Wosankha osewera, Area 47: Zoona zimenezo, ndipo ya polisi kapena ya asilikali musayerekeze n'komwe, mungagwe nayo m'mavuto. Ndionjezere za kuno kwathu. Ku Lilongwe ntchito zambiri zolipira zimachokera ku mabungwe ndi ku maofesi a boma: makanema a katemera, a ulimi, a maphunziro a atsikana, a banki m'khonde. Anthu ofunika kumeneko ndi mlimi, mlangizi wa zaumoyo, mayi woyembekezera, mfumu, mtsikana wosiya sukulu. Koma zithunzi zimene timalandira pafupifupi zonse ndi za anthu ovala ngati akupita ku phwando ku holo yaikulu ya misonkhano ya BICC. Amene angatumize chithunzi chooneka bwino atavala bulauzi wamba ndi duku, nkhope yosapaka, amakhala yekha pamzere wake. Chitenje chili bwino, koma chisakhale cha chipani, cha mpingo kapena cha kampani. Jezi ya Silver kapena ya Bullets ayinso. Chizindikiro chilichonse chimakoka diso kuchoka pankhope, ndipo kampani ina singakutengeni itakuonani mutavala mtundu wa opikisana nawo.

Mtsikana wa ku Area 25: Ndiye ndikamvetsa bwino, zitatu zanga zikhale chonchi: tisheti yosalemba ya mtundu umodzi ndi tsitsi langa, ya mwana wasukulu uja. Kenako bulauzi ndi duku. Chachitatu shati ya kolala, cha mtsikana amene wangoyamba ntchito ku banki kapena mphunzitsi watsopano. Suti ya achemwali ndi yaikulu m'mapewa, ndiisiya.

Wa mekapu, Area 18: Mwakhoza. Ndipo musagule zatsopano zodula. Pitani ku Tsoka m'mawa mabelo akangotsegulidwa, matisheti ndi mabulauzi osalemba amapezeka. Muone kuti khosi lake silinatambasuke, muchape, musite. Makwinya a chovala amaoneka pa chithunzi kuposa mmene mumaganizira. Ndolo zikhale ting'onoting'ono kapena osavala.

Bambo a ku Chinsapo: Pamenepa pokha ndithandizeko, poti nkhope ndi ntchito yathu ya pa siteji. Ana inu kamera ikakulozani mumauma, maso ngati a pa chiphaso cha unzika. Musaganize za kuoneka bwino. Ganizani za munthu. Pa chithunzi cha mwana wasukulucho, yang'ana kamera ngati ndi mnzako amene wabwera ndi zotsatira za mayeso ndipo sanakuuze. Pa cha dukucho, ngati ndi namwino amene wanyamula mwana wako. Tulutsa mpweya, gwetsa mapewa, yang'ana pansi, kenako dzutsa maso. Wojambula akanize nthawi imeneyo.

Wojambula wa ku Biwi: Bambo mwanena zimene ndimalephera kufotokozera makasitomala. Ndizibwereka mawu amenewa.

Mchemwali wa ku Joni: Musaiwale kuti akakonda chithunzi amakufufuzani. Dzina likhale limodzi paliponse: pa CV, pa Facebook, pa TikTok, pa mayina otuluka kumapeto kwa filimu. Wina pa chithunzi ndi dzina la makolo, pa Facebook ndi dzina lachibwana la zilembo zosokonekera, pa WhatsApp chithunzi chake ndi galimoto. Akupezani bwanji? Ikani nkhope yanu yomweyo, ndipo pamwamba pa tsamba pakhale kakanema kakafupi mukusewera. Pa CV lembani zilankhulo zimene mumalankhuladi. Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi luso lofunidwa, musazibise. Kupalasa njinga, kuyendetsa njinga yamoto, kuvina chisamba kapena beni, kusenza ndowa pamutu osagwira, zonsezo lembani, koma zokhazo zimene mungachite atakuuzani kuti chitani pompano.

Wosankha osewera, Area 47: Ndi katumizidwe komwe. WhatsApp imafinya zithunzi, chimafika chosaoneka bwino. Tumizani ngati document kapena dinani HD. Fayilo ikhale ndi dzina lanu, osati manambala a kamera, chifukwa ndikaisunga pa kompyuta pakati pa zina zambiri sindidzadziwanso kuti ndi ya ndani. Zithunzi ziwiri kapena zitatu zakwana. Musatumize cha pa ukwati chodula, phewa la mnzanu likuonekera m'mbali. Uthenga ukhale waufupi: dzina, msinkhu wanu, zaka zimene mungasewere, kumene mumakhala, mbali imene mukufuna. "Moni" yekha kenako chete, sindiyankha.

Amayi a pa siteji: Ndisanapite kophika ndinene ichi kwa atsikana, ndi anyamata omwe. Aliyense wokupemphani zithunzi mutavula kapena mutavala zamkati kuti aone thupi, si wa filimu ameneyo. Wokuuzani kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lanu lilowe pa odishoni, mufunse kaye pagulu pano. Wokuitanirani ku loji usiku kuti mukayesedwe nokha, musapite. Odishoni yeniyeni imachitika masana, pamalo odziwika, pali anthu ena. Ngakhale kwa wojambula amene simukumudziwa, pitani ndi mnzanu. Ndaona ana aluso akusiya zisudzo chifukwa cha zimene anakumana nazo pakhomo loyamba, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Mchemwali wa ku Joni: Kunonso agent weniweni amadya pa ntchito imene wakupezera, salipiritsa polowa.

Wojambula wa ku Biwi: Komanso mugwirizane ndi wojambula musanalipire: mulandira zithunzi zingati zokonzedwa, akupatsani mafayilo akuluakulu kapena ayi, ndipo asadinde dzina la studio yake pachifuwa panu. Mumuuzenso ngati simukufuna aziike pa tsamba lake lotsatsira malonda.

Mnyamata wa ku Kawale: Achimwene a ku Biwi, titasonkhana anthu angapo tsiku limodzi simungatichotsereko mtengo? Ambiri pano tili pa ulova.

Wojambula wa ku Biwi: Zotheka. Mukakwana asanu ndi mmodzi kapena kuposa, ndibwera ndi kamera ndi chowalitsira, aliyense zovala ziwiri. Tipeze khonde lalikulu loyang'ana kum'mwera kapena kumpoto kuti dzuwa lisalowe mwachindunji. Tiyambe 7 koloko, pofika 10 tikhale tamaliza.

Wa mekapu, Area 18: Ine ndibwera ndi paudala wa mitundu ingapo, sindilipiritsa. Aliyense abwere atasamba nkhope, osapaka kanthu.

Admin: Zikomo nonse. Ofuna kujambulidwa lembani maina kwa ine kumbali pofika Lachinayi, tione ngati Loweruka likubwerali zitheke. Amene ali ndi khonde kapena holo ya tchalitchi yomwe tingapemphe, atiuze.

Mtsikana wa ku Area 25: Ndilembeni a Admin. Funso lomaliza: ndimavala magalasi a maso tsiku lililonse. Ndijambulitse nawo kapena ndivule?

Wojambula wa ku Biwi: Zonse ziwiri achemwali. Chachikulu chikhale ndi magalasi poti ndi mmene mudzalowere pakhomo, china tivule. Muwapukute bwino, kunyezimira kwa galasi ndithana nako ine potembenuza mutu wanu pang'ono.